Ref amamva phokoso, koma osankha timu nawonso ali na makutu

Caka ciliconse mwezi wa May ukamatha, okonda rugby league ku Australia amayamba mikangano iwili imene siikutha. Woyamba umabwela gemu ikalibe kuyamba: n'cifukwa ciani kochi watenga uyu n'kusiya uja? Waciwili umabwela gemu ikatha: ref watibela. Ife amene timatsatila State of Origin kuno ku Zambia, olo kuti ndife ocepa, tinatengela matenda onse awili. Gemu imayamba itangokwana 20 hours ku Brisbane kapena ku Sydney, kuno ikali 12 hours pa Citatu, conco ambili timaonela tuzidutswa pa foni madzulo, bando ikalola. Koma pokangana sititsalila.

Mikangano iwiliyi timaitenga monga ni yosiyana, pamene muzu wake ni umodzi, phokoso la khamu. Ndipo ife tiona kuti masapota timaopa phokoso lolakwika. Lija la mu bwalo, limene limakankha ref, liliko zoona, koma mphamvu yake ni yocepa. Limene lawonongela matimu zaka zambili ni la kunja kwa bwalo, lokankha anthu osankha timu, ndipo eni ake ndife.

Kwa amene munazolowela rugby ya ku Mufulira, ku Kitwe na kuno ku Lusaka, dziwani kuti ija ni union, ya anthu 15 mbali imodzi. League ni m'bale wake amene anacoka pa nyumba mu 1895 ku Huddersfield, kumpoto kwa England, pa mkangano wa ndalama: osewela ambili anali anchito a m'migodi na m'mafakitale, ndipo anali kufuna kubwezeledwa malipilo a tsiku limene ajomba ku nchito cifukwa ca gemu. Mu league mumakhala anthu 13 mbali imodzi. Timu imene ili na mpila ili na ma tackle 6 cabe, ikalephela kugoletsa imapeleka mpila kwa anzawo. Try ni mapointi 4, kumenya mpila pakati pa mapolo pambuyo pa try ni 2. State of Origin ni magemu atatu pa caka pakati pa Queensland na New South Wales, ndipo inayamba mu 1980 pa Lang Park ku Brisbane.

Kamangidwe ka masewelawa ndiye kamapatsa khamu poloweza. Pa tackle iliyonse, ochinga afunika kubwelela kumbuyo mamita 10, ndipo amene amaika mzele umenewo ni ref, na maso ake, uku athamanga. Wogwila mnzake afunika kumusiya mwamsanga kuti anyamuke, koma palibe nkoloko imene imakamba kuti mwamsanga ni masekondi angati. Mpila suyenela kuponyedwa kutsogolo, koma munthu akaponya ali pa liwilo, mpila woponyedwa bwino umaoneka monga wapita kutsogolo. Zinthu zimenezi zimacitika kambilimbili pa gemu imodzi, ndipo ciliconse ref angaciweluze uku kapena uku popanda wina kumugwila bodza. Manje ganizilani anthu 52,000 akuwa "offside" pa nthawi imodzi, tackle iliyonse, kwa mphindi 80.

Kukamba kuti phokoso limeneli silimufika ref kungakhale kunama. Mu 2002, ofufuza atatu a ku England, Nevill, Balmer na Williams, anatenga maref a bola 40 n'kuwaonetsa vidiyo ya gemu ya Liverpool na Leicester. Ena anaionela na phokoso la masapota, ena inali zii. Aja amene anali kumva phokoso analanga timu ya pa nyumba mocepelako na 15.5 pelesenti. Onani bwino pamenepa: sanawonjezele zilango kwa alendo, anangoleka kuliza pamene a pa nyumba alakwa. Ku Spain ofufuza ena anapeza kuti maref anali kuwonjezela mphindi zambili kumapeto ngati timu ya pa nyumba ili kumbuyo na cigoli cimodzi, na zocepa ngati ili patsogolo na cigoli cimodzi. Ndipo pa nthawi ya COVID-19, mabwalo atakhala opanda anthu, m'maligi ambili a bola makadi a yelo opatsidwa kwa alendo anacepa. Izi ni za bola, koma khutu la ref wa league silinapangidwe na citsulo.

Palibe amene anapatsa maref aja ndalama. Munthu akakhala na theka la sekondi kuti agamule cinthu cimene waona mbali imodzi cabe, mutu wake umatola ciliconse cimene cingamuthandize, ndipo kukuwa kwa anthu masauzande kumamveka monga umboni. Tikamakamba kuti ref wagulidwa, nthawi zambili timamunamizila mlandu waukulu pa cinthu cimene tonse tingacite.

A ku Australia anadziwa zimenezi kuyambila pa tsiku loyamba. Gemu ya 1980 inaweluzidwa na Billy Thompson, amene anacita kumuitanitsa kucoka ku England, kuti pasakhale wokamba kuti ref ni wa kwawo. Atayamba kuseweletsa maref a m'dziko mwawo, nkhani zinabuka. Barry Gomersall wa ku Queensland, amene anali kuchedwa Grasshopper, anaweluza magemu a Origin 9 m'zaka za m'ma 1980, ndipo Queensland inawina 7. Ku Sydney dzina lake likali kuchulidwa mokukuta mano. Mu 1988 zinatembenuka: pa gemu yaciwili pa Lang Park, Mick Stone wa ku New South Wales anatumiza Wally Lewis ku sin bin, kaputeni amene anthu a ku Brisbane amamucha King. Zitini za mowa zinagwa m'bwalo monga matalala, gemu inaima kuti acotsemo. Lewis anapitabe ku sin bin, ndipo Queensland inawinabe 16-6.

Apa ndiye pamene ife timasiyana na anzathu amene amaona ref pa kuluza kulikonse. Phokoso limakankha tinthu tung'onotung'ono twa pakati, koma pa zigamulo zikuluzikulu maref amaima nji kambili kuposa mmene timakumbukila. Mu gemu yoyamba ya 2024 ku Sydney, mphindi 10 zikalibe kukwana, Ashley Klein anatulutsa Joseph Suaalii wa New South Wales cifukwa cogunda Reece Walsh kumutu. Anamutulutsilatu, pamaso pa masapota ake, ndipo a pa nyumba anatsala 12 gemu yonse n'kuluza 38-10. Caka cimeneco New South Wales inapita kukatenga cikho pa Lang Park pomwepo, 14-4, bwalo litadzala na anthu a Queensland. Ngati khamu likanakhala kuti ndilo limagamula, zonse ziwili sizikanacitika.

Ndipo pali nkhani ya Matt Cecchin, imene aliyense wotukwana maref afunika kuidziwa. Mu November 2017, pa semi-fainolo ya World Cup ku Auckland, England inali kutsogola Tonga 20-0 kutatsala mphindi zosakwana 10. Bwalo lonse linali lofiila na mbendela za Tonga, anthu aimba nyimbo za ku chalichi. Tonga inagoletsa ma try atatu motsatizana, zinafika pa 20-18. M'masekondi othela Andrew Fifita anathamangila ku mzele, mpila unamupulumuka pomugwila, anautolanso n'kuuika pansi. Cecchin anagamula kuti wautaya yekha, gemu yatha, ndipo sanafunse ref wa pa vidiyo. Mungatsutsane ngati anafunika kufunsa, ife tiona kuti kufunsa kukanaziziritsa mitima. Koma palibe angakambe kuti anatsatila khamu, cifukwa khamu lonse linali kufuna try. Malipilo ake anali mauthenga omuopseza kuti amupha, ndipo mu 2018 analengeza kuti aleka kuweluza mu NRL, olo kuti anadzabwelelanso. Conco ref akamvela khamu timati ni wofooka, akalikana timamuopseza. Kenako timadabwa kuti acinyamata safuna nchito imeneyi.

Komanso ref wa masiku ano sali yekha. Kucokela mu 2016 NRL ili na Bunker, cipinda ca ma TV ku Sydney kumene amaonelanso ma try kutali na phokoso. Kucokela mu 2020 kaputeni ali na ufulu wotsutsa cigamulo kuti cionedwenso. Gemu ikatha mabwana ake amaipenda, ndipo akalakwitsa ngako amatsitsidwa. Osankha timu alibe Bunker. Phokoso limene iwo amamva silitha na mphindi 80, limayamba usiku wa gemu n'kupitiliza milungu itatu kufikila gemu yotsatila, m'manyuzipepala, pa TV, pa mawailesi oimbilako foni, pa Facebook. Ife a pa wailesi timaidziwa bwino nyimbo imeneyi. Timu ikaluza, mafoni salila kuti akambe za mmene ochinga anaimila. Woyamba amachula dzina la munthu mmodzi, waciwili amavomeleza, pofika wacisanu zakhala zoona zodziwika kwa onse kuti uja afunika kucoka. Wowulutsa nayenso amakondwa, cifukwa pulogilamu yatentha.

Onani zimene zinacitika kucokela mu 2006 mpaka 2013, pamene Queensland inawina zaka 8 zotsatizana. Zinayamba moipa. Queensland inali italuza mu 2003, 2004 na 2005, ndipo gemu yoyamba ya 2006 inaluzanso 17-16, Brett Finch atamenya drop goal kumapeto. Akatswili ena a pa TV anali kukamba poyela kuti kaputeni Darren Lockyer watha. Kochi watsopano, Mal Meninga, anali atalowetsa kale anyamata atsopano monga Greg Inglis wa zaka 19, ndipo akuluakulu ake sanawataye. Gemu yaciwili anawina 30-6. Yacitatu ku Melbourne, kutatsala mphindi zocepa, mpila woponyedwa molakwika na Brett Hodgson unagwa pansi, ndipo amene anautola n'kugoletsa try yowinila anali Lockyer yemwe uja. Kucokela pamenepo msana wa timu sunasinthe kwenikweni: Cameron Smith pa hooker, Johnathan Thurston, Lockyer ndipo pambuyo pake Cooper Cronk pakati, Billy Slater kumbuyo. Thurston anasewela magemu a Origin 36 osadumphako. Kochi anali mmodzi zaka zonsezo.

New South Wales m'zaka zimenezo inali na makochi anayi: Graham Murray, Craig Bellamy, Ricky Stuart na Laurie Daley. Pa nambala 6 na 7, malo a anthu awili amene amayendetsa timu, panadutsa gulu: Brett Finch, Braith Anasta, Craig Gower, Mark Gasnier, Jarrod Mullen, Brett Kimmorley, Greg Bird, Peter Wallace, Terry Campese, Trent Barrett, Jamie Lyon, na ena. Ena anacoka cifukwa covulala, n'zoona. Koma Campese anasewela gemu yoyamba ya 2009, timu inaluza 28-18, anamucotsa, ndipo Origin yake inathela pamenepo. Ngakhale pamene anakhazikika pa Mitchell Pearce monga halfback, caka ciliconse anali kumupatsa mnzake watsopano: Jamie Soward mu 2011, Todd Carney mu 2012, James Maloney mu 2013. Timu ya Origin imakumana masiku ocepa cabe gemu ikalibe kufika. Anthu awili amene sanasewelepo pamodzi sangadziwane m'masiku amenewo kuti uyu akayang'ana uku ndiye kuti mpila upita kuti. Ndipo wosewela amene adziwa kuti kulakwitsa kamodzi ni kucoka amasewela mwamantha, amamenya mpila kutali m'malo moyesa cimene anamusankhila.

Wina adzati, kusasintha timu n'kosavuta ukakhala na Smith, Thurston na Slater, amene ali pakati pa akatswili oposa onse m'mbili ya masewelawa. Mfundo imeneyi ni yolema, sitingaikankhile pambali. Koma mu May 2006 Smith anali na zaka 22, Thurston 23, ndipo onse awili anali mu timu imene inaluza caka capita. Ukatswili umene timaukamba lelo unakula cifukwa anasiyidwa kuti aluze n'kubwelanso. Ndipo pamene New South Wales inadula mndandanda uja mu 2014, pakati panali Trent Hodkinson na Josh Reynolds, amene palibe anali kuwaika pa mulingo wa Thurston. Cimene anali naco n'cakuti anali kusewela pamodzi mlungu uliwonse ku Canterbury Bulldogs. Gemu yotengela cikho inatha 6-4, try na conversion zonse za Hodkinson.

Nkhani ya Nicho Hynes imatiwawa kwambili. Mu 2022 anasankhidwa kukhala wosewela bwino koposa mu NRL, mendulo ya Dally M. Mu 2023 phokoso linali lakuti munthu wotele sangasiyidwe kunja, koma malo ake anali na mwini, Nathan Cleary. M'malo mosankha cimodzi, anamuika pa benchi. Analowa cakumapeto pa centre, malo amene si ake, Queensland inadutsila mbali yake, ndipo gemu yotsatila kunalibe dzina lake. Mu 2024 anamupatsa nambala 7, ndipo gemu yake inali ija imene Suaalii anatulutsidwa kumayambililo. Anayendetsa timu ya anthu 12 kwa mphindi zoposa 70, anamucotsanso. Amene analowa m'malo mwake, Mitchell Moses, anasewela bwino ngako ndipo cikho cinabwela, conco palibe angatsutse kuti kusinthako kunagwila nchito. Cimene tikana ni cigamulo ca masapota cakuti Hynes anayesedwa kawili n'kulephela. Sanayesedwe olo kamodzi pa malo ake na timu yokwana.

Sitikamba kuti kochi asamasinthe timu. Mu 2025 Queensland inaluza gemu yoyamba pa nyumba 18-6, ndipo Billy Slater, amene anali kochi, anacotsa kaputeni wake Daly Cherry-Evans wa zaka 36, amene anatsogolela timu kucokela mu 2019. Kunja kunali phokoso mbali zonse, ena ati mucotseni, ena ati ku Queensland sititaya anthu athu. Kusiyana kwake na nkhani ya Campese kuli pa amene analowa. Tom Dearden sanali dzina lotoledwa pa mafoni a pa wailesi mlungu umenewo. Anali kale mu timu, anasewela magemu onse atatu a 2024, ndipo pa gemu yoyamba ija anali pa benchi. Slater anali kudziwa cimene afuna kwa iye: liwilo na kuthamangila ochinga mwacindunji. Anasintha munthu mmodzi wamkulu pa cifukwa cimene akanatha kucifotokoza olo kukanakhala kulibe wokuwa.

Gemu yaciwili inali ku Perth, kutali na Brisbane na Sydney komwe, kumene palibe angati bwalo ni la Queensland. Hafu yoyamba ref Ashley Klein anapeleka mapenati 8 kwa Queensland, New South Wales olo imodzi, ndipo pothela zinali 10 kwa 2. Queensland inawina 26-24. Mlungu wonse nkhani ku Sydney inali ref. Koma New South Wales inagoletsa ma try 5, Queensland 4. Ma conversion atatu anaphonyedwa, mapointi 6, pa gemu imene inaluzika na mapointi 2. Funso lakuti ndani amenye mipila imeneyo, ndiponso ngati mu timu muli wina wodalilika woyamba akavutika, limayankhidwa pa tebulo la osankha timu, masiku ambili ref akalibe kuvala yunifomu. Funso lakuti n'cifukwa ciani osewela anali kulakwa motsatizana mpaka kutsalila 26-6 pa hafu nalonso ni la kochi na anyamata ake. Mafunso awa ni owawa cifukwa amakhudza anthu amene timakonda, ena mwa iwo tinacita kuwakuwila kuti asankhidwe. Ref alibe sapota, conco kumunena n'kwaulele.

Ife amene timaonela kutali tili na mwayi umene a ku Sydney alibe. Sitinabadwile ku Queensland kapena ku New South Wales, tinangosankha mtundu wa jezi, ena cifukwa ca Inglis, ena cifukwa ca Cleary. Tingathe kuonela gemu kawili, kaciwili titatsitsa voliyumu monga maref aja a mu 2002, n'kuona ngati mpila uja unapitadi kutsogolo. Kambili mudzapeza kuti popanda mawu a owulutsa na kukuwa kwa bwalo, cigamulo cimene cinakukwiyitsani cioneka ca pakati, cakuti mukanakhala inu simukanadziwa kolowela. Ndipo Sondo ikafika, tikakhala pa Nkana Stadium kapena pa Woodlands tiyamba kuchula dzina la mnyamata amene afunika kucoka mu timu, tingadzifunse kuti tamuona magemu angati, pa malo ati, na anzake ati.

Gemu yacitatu ya 2025 inali ku Sydney, pamaso pa anthu oposa 80,000, ambili a iwo ovala buluu, atakhala milungu itatu akamba za mapenati a ku Perth. New South Wales inabwela na timu pafupifupi imodzimodzi, ndipo phokoso lonse linali kumbali yawo. Pofika pa hafu Queensland inali kutsogola 20-0. Inatha 24-12, Dearden anagoletsa ma try awili, ndipo anapatsidwa mendulo ya Wally Lewis monga wosewela bwino koposa pa magemu onse atatu.